Ng'ombe Yobzikula Mawu m'Sampula ya Ndazi

Usiku wathawu ndinalota, anzanga inu, maloto oti simunawamvepo. A Nabiyeni, tulani dengulo mukhale pansi, koma osati pamwalapo, pamabisala zinkhanira. Inunso mayi a Esinati senderani kuno, mwayandikira waya wa magetsi.

Muyambe mwadziwa chimene ndinagona nacho kumtima. Mdzukulu wanga Ndaziona, uja timangoti Ndazi, amene amakonzera nyimbo oimba a muno mu Chinsapo, ali ndi kabokosi kake kotchedwa sampula. Kukula kwake ngati thireyi ya tiyi. Pamwamba pali mabatani a labala khumi ndi asanu ndi limodzi, oyaka ngati maso a mphaka, ndipo batani lililonse limasunga phokoso lake. Ukaligunda ndi chala limalavula zomwe linamva. Mwanayu anatolera za pakhomo ponse: kulira kwa chitseko cha kubafa, chivundikiro cha poto chikagwa, mpopi wathu uja umayamba watsokomola madzi asanabwere. Ngakhale ine anandiba ndisakudziwa. Pali batani lina ukangolikhudza limati, "Samala! Usakhudze!" ndi mawu anga enieni.

Koma batani lapakona, lomwe ndinamatapo pulasitala kuti ndizilizindikira, muli malemu amuna anga, a Dzonzi. Kalekale, akusoka pakhonde la sitolo ku Ntcheu, mlamu wawo anabwera kuchokera ku Joni ndi wailesi ya kaseti. A Dzonzi anayankhulamo. Anandiitana kuti, "A Nangozo, tabwerani kuno muyankhulemo!" Kenaka anaseka kuseka kwawo kuja kokhala ngati wilibala ikutsetsereka pamiyala. Kenaka zii. Zii ameneyo ndine. Ndinali kuseri kwa chitseko cha sitolo, dzanja pakamwa, chifukwa ndinamva kuti wailesi ikakutengera mawu umasasa mpaka imfa. Anandidikira, ine osatuluka, mlamu n'kuzimitsa. Ndazi atangosamutsira mawuwo m'sampula, wailesi yathu yakale inatafuna tepi ija n'kuisandutsa matumbo a nkhuku. Choncho a Dzonzi atsala pansi pa pulasitala basi.

Dzulo madzulo Ndazi akuti, "Agogo, mabatani adzaza onse, ndipo nyimbo ikufunika Loweruka. Ndiloleni ndichite risampulo."

Ndikuti, "Ndi matenda anji amenewo?"

"Si matenda. Makinawa amatha kudzijambula okha. Ndiliza chitseko, poto, mpopi ndi agogo aamuna nthawi imodzi, makinawo azimvetsera zomwe iwo eni akuimba, n'kuziika zonse pa batani limodzi. Pa zii paja ndiikapo 'Samala' wanu uja, popeza mawu ena mumakana kundipatsa. Akalewo ndifufuta kuti malo apezeke."

Kufufuta! Iye akuti asunga a Dzonzi mufoni. Foni iti? Imene ali nayoyi ndi yachinayi, zitatu zinapita ndi akuba a m'minibasi. Ndinakanitsitsa. Iye anangoti, "Mundiyankhe mawa m'mawa, agogo." Ndiye ndinazula pulagi, ndinaphimba sampula ndi kansalu kanga koluka, ndinakagona.

Ndiye ndangoona kuti ndi masana, dzuwa lili paliwombo, ndikusesa pabalaza. Kansalu koluka kaja kakundiyang'ana, n'kunena kuti, "Mayi, mwandifunditsa mudzi wonse, anthu akusowa mpweya."

Ndikuti, "Nsalu inayamba liti kuyankhula?"

Iko kakuti, "Lachiwiri."

Ndiye ndikukavundukula ndi nsonga ya tsache, poopa shoko ya magetsi, mwadzidzidzi pansi paterera, ine ndi tsache langa tonse phi! m'kati mwa sampula.

M'katimo ndi mudzi, anzanga. Nyumba zili m'mizere inayi, zofanana ngati za kulaini kwa apolisi, madenga ake a labala, lililonse likuyaka mtundu wake. Pansi pofewa ngati chiwindi. Ndikaponda pakuti dum, ndikapondanso pakuti tsa. Ndinayesa kunyang'ama, pakuti tsi-tsi-tsi. Ndikuti basi, mudzi wopanda chinsinsi uno, nkhuku sungabe.

Ndiye pakhomo loyamba patuluka chitseko cha kubafa, chamanga duku.

"Kwiii! Takulandirani agogo. Mafuta aja munandilonjeza chaka chatha ali kuti?"

"Ndinaopa kuti ukasiya kulira sitidzamva wakuba."

"Ndiye ine ndizivutika m'mfundo chifukwa cha wakuba sopo?"

Ndisanayankhe, chivundikiro cha poto chadutsa chikugubuduka, ngwe-ngwe-ngwe, chikuti chachedwa kumsonkhano. Pakhonde lina mpopi wakhala pampando wandalema, wafunda bulangeti, ukutsokomola kuti, "Khoo, khoo, madzi mawa, madzi mawa."

Ndiye wina wandikoka chitenje. Cheu, kamayi kakafupi ngati botolo la mafuta ophikira. Nkhope yanga, duku langa, ngakhale chipsera cha pachibwanochi.

Ndikuti, "Zikomo mayi, nyumba ya a Dzonzi ndi iti?"

Iko, "Samala!"

"Ndasamala kale. Ndikufunsa njira."

"Usakhudze!"

"Sindinakhudze kanthu."

"Samala!"

Ndinapita kumanja, iko pambuyo. Ndinakhota, iko pambuyo. Ndikuuzani mwa ife tokha, a Nabiyeni, kuyenda ndi ine n'kotopetsa. Koma musakamuuze Ndazi, chenjezo ndi chenjezo.

Mwadzidzidzi fumbi koboo, patulukira bwana wa kukhonsolo ya m'makinamo, suti yakuda, chidindo kudzanja lino, chimkuzamawu kudzanja linalo. Akuti, "Tamverani nonse! Malo atha! Lero lomwe musamukira m'nyumba imodzi, zotsalazo tigwetsa!" Akuyankhula choncho, taye yake yayamba madontho oyera, madonthowo afalikira suti yonse, khosi latalika, mutu wachepa, ndiye ndikuona kuti ndikugwadira nkhanga. Koma chidindo sinataye, yachigwira ndi mlomo.

Ndikuti, "Pepani bwana, ndikufuna amuna anga."

"Nambala sikisitini."

"Kusukulu sindinapiteko, bwana."

"Ndiye tsatani pulasitala. Chiphaso chili kuti?"

Ndinalibe pepala lililonse, ndiye ndinangopereka tsache. Nkhanga inaliyang'ana ndi diso lino, inaliyang'ananso ndi linalo, n'kulidinda kuti pha! Tsache lija n'kutsokomola, likuti, "Zikomo bwana, tsopano ndine wovomerezeka." Kuyambira pamenepo silinatsekenso pakamwa.

Ndiye tafika pakona, nyumba ya denga lomatidwa pulasitala wamkulu ngati mphasa. Ndinagogoda mwaulemu. Zii. Ndinalowa. Fungo la mafuta a makina osokera lili thoo, choko chojambulira nsalu chili pawindo, koma eni ake kulibe, makina osokera kulibe. Patebulo pangotsala sizasi, yakhala mopingasa miyendo.

"Mwachedwa, mayi," ikutero sizasi. "Abwana atengedwa, apita kumzere kwa Bwana Mkulu. Akwera minibasi yozungulira."

"Avala juzi?"

"Kukutentha, mayi."

"Chifuwa chawo chija sichidziwa zimenezo."

Ndiye ndangopezeka ndili m'minibasi, tsache lakhala kuwindo chifukwa akuti limachita nseru. Kondakitala ndi mayi wamkulu ndithu, wa yunifolomu ya khaki ndi chipewa, koma m'malo moitanira anthu akungogogoda chitseko ndi chala: ko, ko, ko, ko. Chala chija chasanduka mlomo, chipewa chasanduka nthenga zofiira, ndi gogomole uyu, ndipo sakuphonya: ko, ko, ko, ko. Tadutsa mayi wogulitsa nthochi, nthochi imodzi yagwa padengu, iye akuti, "Mayo, nthochi yanga!" Tadutsa tchalitchi, tadutsa chigayo. Mwadzidzidzi mayi wa nthochi yemwe uja, nthochi yomwe ija yagwa, "Mayo, nthochi yanga!" Tchalitchi, chigayo, "Mayo, nthochi yanga!"

Ndikuti, "A kondakitala, nthochi imodzi yagwa katatu ndipo palibe woitola. Galimotoyi ikupita kuti?"

Gogomole akuti, "Ikupita komwe yachokera. Nyimbo imayenda choncho, mayi. Wofuna kutsika amadumpha pa ko woyamba."

"Osaima?"

"Tikaima anthu asiya kuvina."

Ine kudumpha galimoto ikuyenda! Ine amene ndimadikira njinga yakabaza idutse kaye ndisanatuluke pageti! Ndinazungulira kasanu ndi kawiri, ndagwira mpando ndi manja onse. Mpaka mayi wa nthochi anayamba kundipatsa moni. Ndiye tsache likuti, "Agogo, amuna anu ali pamzere, ndipo mzere ukuyenda. Gwirani m'chiuno mwangamu." Ndinatseka maso. Ko! Tili pansi, fumbi m'kamwa, mwendo uli bwinobwino. Ndinauyesa kawiri kuti nditsimikize.

Ndiye kutsogoloku kuli chotchinga cha pamsewu, mgolo uku mgolo uku. Wapolisi wapamsewu waima ndi chopotokola chachikulu ngati chiwongolero cha thirakitala.

"Imani! Mawu anu akuyenda liwiro lanji?"

"Liwiro la munthu wopemphera, bwana."

"Tione."

Wapotokolera kumanzere. Ndikuti ndinene kuti pepani, pakutuluka mawu a nkhunzi ya ng'ombe, "Peeepaaaniii," ndipo mwendo wanga ukutenga chaka kuti ufike pansi. Iyenso maso ake atuzuka, lina layang'ana ku Dedza lina ku Mchinji, yunifolomu yasanduka yobiriwira, kenaka yachikasu. Birimankhwe, chipewa chili kumutu! Wapotokolera kumanja. Ine mawu ngati mbewa yopanidwa ndi chitseko, "Pepani-pepani-pepani," miyendo ikupalasa yokha. Tsache likuseka mpaka kuthothoka.

Birimankhwe akuti, "Mawu apansi aja ndiye akukukhalani. Mukanakhala wa besi kukwaya."

Ndikuti, "Bwezerani pakati pomwe munapapeza, bwana, musandionongere mawu. Ndikufuna kukalankhula ndi amuna anga." Ndinadabwa ndekha kuti ndanena zimenezo.

Ndiye wabwezera, msewu n'kutsetsereka kulowa m'chigwa. Ndinaima pamwamba n'kukuwa, "A Dzonzi!" Chigwa chikuti, "Dzonzi, onzi, nzi." Ndiye mawu obwererawo atuluka m'tchire ngati anapiye atatu, wamkulu, wapakati ndi kakang'ono kosaoneka bwino, ayamba kunditsata. Ndikuti, "Fulumirani ana inu, kuno kuli akabawi." Iwo, "Kabawi, bawi, wi." Ndinawanyamula m'chitenje. Ungasiye bwanji ana pamsewu?

Mwadzidzidzi talowa msewu umene zinthu zonse zikuyenda chobwerera. Tiyi akuchoka m'kapu kukwera m'ketulo. Mbuzi ikulavula kabichi wathunthu n'kumubwezera pabenchi, wogulitsa akuithokoza. Mvula ikunyamuka pansi kupita kumwamba, zovala zapachingwe zikuuma. Ine ndikuyenda chafutambuyo, ndikumva msana ukuwongoka. Imvi zikuda. Dzino lija linazuka chaka cha njala labwera likudumphadumpha pamsewu, lati, "Odi," n'kulowa pamalo pake. Mayi a Esinati musaseke, ndinali mtsikana ine, wa khosi lake.

Ndiye ndagunda chipilala ndi msana. Cheu, ndi khonde la sitolo ija ya ku Ntcheu, lomwe lija, ndi chikwangwani chake cha sopo chochita dzimbiri. Koma lero ndi ofesi. Mzere wafika mpaka kumsika, onse a m'mudzi muja ali pomwepo. Kutsogolo kuli desiki, padesiki pali Bwana Mkulu, wamimba yake, ndipo pamphumi pake pali getsi lofiira. Akutafuna. Palibe mbale, palibe chakudya, koma akutafuna. Ndikuyang'anitsitsa, makutu agwa, mphuno yanyowa, nyanga zaboola chipewa. Ng'ombe, anzanga! Ng'ombe ya mkaka yovala jekete, ikubzikula.

Nkhanga ija yaima pambali ndi chidindo, ikuitana. "Chitseko! Chivundikiro! Mpopi!"

Atatuwo afika. Gogomole wagogoda padesiki, ko, ko, ko, ko. Getsi lofiira layaka. Chitseko chikuti kwii, chivundikiro ngwe, mpopi khoo, ndiye ng'ombe yangotambasula lilime, laku! Onse atatu mbwee m'kamwa. Ine ndinakuwa, anapiye m'chitenje n'kukuwanso katatu. Ng'ombe yameza, yatseka maso, m'mimba mukulira. Kenaka yabzikula, n'kulavula chinthu chimodzi: thupi la chitseko, mutu wa chivundikiro, mphuno ya mpopi. Chikuyenda chikuti kwii-ngwe-khoo, kwii-ngwe-khoo, m'chiuno mukuduka.

Ng'ombe ikuti, "Sichinapse. Kachiwiri ndiye kumakoma." Yasuzumira m'chitenje changa. "Mayi, tabwereka kamwana kamodzi."

Ndisanakane, kamwanapiye kakang'ono kaja kadumpha kokha. Birimankhwe wabwera ndi chopotokola chake, watsitsa pang'ono. Laku! Yamezanso. Potuluka, chinthu chija chanenepa mawu, chikugunda pansi mpaka m'chifuwa mwanga, ndipo kumbuyo kwake kukumveka khoo, oo, o. Mzere wonse wayamba kugwedeza mapewa. Ndinayang'ana pansi, ndikupeza phazi langa likuvina popanda chilolezo changa. Ndinaliponda ndi linzake.

Ndinachinong'oneza chinthucho, "Iwe chitseko, wafa?"

"Kufa? Ndili bwino kuposa kubafa kwanu kuja. Ndapeza anzanga. Kungoti kutulukamo ndekha sindingathenso. Amene walowa naye ndi yemweyo, mpaka kalekale."

Nkhanga yapita kukagwetsa nyumba zawo zitatu zija, ikubwera ikupukuta mlomo. Ndiye yakweza mutu. "Nambala sikisitini!"

Ndinawaona. A Dzonzi, pabenchi, tepi yoyezera m'khosi, malaya abuluu aja a thumba long'ambika. Telala wosokera mudzi wonse, thumba lake osalisoka. Juzi sanavale. Makina osokera ali patsogolo pawo, phazi lili pachopondera. Pambali pawo pali kampando kopanda munthu.

Akweza mutu. "A Nangozo, tabwerani kuno muyankhulemo!" Aseka. Kenaka ayang'ana kampando kaja, kudikira, nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi. Palibe. Ayambanso. "A Nangozo, tabwerani kuno muyankhulemo!" Aseka. Ayang'ana kampando.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinapezeka ndili kuseri kwa chitseko cha sitolo, dzanja pakamwa.

Tsache likuti, "Mwayambanso."

"Khala chete. Getsi lofiira lija limayamwa mawu."

"Zaka makumi atatu munthu akuitana, agogo. Ine ndimasesa pansi pa tebulo la sampula, ndimamva. Ndazi akachoka mumadina pulasitala, mumamvetsera, n'kuphimba. Simuyankha."

"Ndani anakutuma kuti uziona?"

"Ndine wovomerezeka."

Ndiye nkhanga yazungulira kampando kaja, ikujompha miyendo yake. "Bwana Mkulu, mpando wopanda munthu ukudya malo. Tiikepo wina asanalowe."

Ng'ombe ikuti, "Alipo wa dzina limeneli?"

"Alipo, bwana."

Ndiye akubwera nako, anzanga. Kamayi ka botolo kaja. Akanyamula m'khwapa, akakhazika pakampando, miyendo yake sikufika n'komwe pansi. Kakonza duku. Duku langa!

"Tiyese kaye," ikutero nkhanga.

"A Nangozo, tabwerani kuno muyankhulemo!" Aseka.

"Samala! Usakhudze!"

Mzere wonse kuseka. Mbuzi ya kabichi ija mpaka kugona chagada. Nkhanga ikuti, "Zikugwirizana bwino, bwana, anthu akonda." Ayesanso. Amuna anga aitana, aseka, kamayi kakuti, "Usakhudze!" Ine ndikusuzumira pampata wa chitseko, ndikuona a Dzonzi achotsa phazi pachopondera. Sangathe kunena china, mawu awo ndi omwe aja, koma mapewa agwa. Ndimawadziwa mapewa amenewo. Ankagwa choncho ndikawaletsa kupita kukaonera mpira poopa ndewu, ndikawaletsa kugula njinga yamoto poopa ngozi, ndikawaletsa kuvina paukwati poopa msana.

Ng'ombe yayasamula. Gogomole wakweza mlomo. Ndiye mawu a chitseko aja andibwerera: amene walowa naye ndi yemweyo.

A Nabiyeni, inu munakhalapo pamitala, mundimvetsa. Chinandigwira si chisoni ayi, ndi nsanje. Nsanje yeniyeni yotentha m'makutu. Ine ndakhala ndi a Dzonzi zaka zonse zija, ndawaphikira, ndawathira mankhwala a chifuwa, lero akalowe mpaka kalekale ndi kamayi kosadziwa ngakhale kuti tiyi wawo amafuna masupuni angati? Kamayi kamawu awiri? Akaitana, kazingowakalipira, Lolemba mpaka Lamulungu, pawailesi, m'maukwati, m'minibasi, Malawi yense azimva kuti mkazi wa a Dzonzi anayankha choncho?

Ko.

Ndinachotsa dzanja pakamwa.

Ko.

Ndikuti, "Tsache, gwira ntchito yako."

Ko.

Ndinatuluka kuseri kwa chitseko chitenje chili m'chiuno, ndinakasesa kamayi kaja kamodzi kokha, psiti! Kanauluka pamwamba pa mzere kakukuwa, "Samalaaa!" n'kukagwera m'dengu la nthochi. Ndinakhala pakampando. Kanali kotentha ngati wina wangochokapo.

Ko.

Getsi lofiira ng'aa, kumaso kwanga kwenikweni.

"A Nangozo, tabwerani kuno muyankhulemo!"

Ndipo sanaseke. Anadikira.

Ndikuti, "Wawa a Dzonzi. Ndabwera."

Anapiye awiri otsala aja m'chitenje akuti, "Ndabwera, bwera." Ndiye pamenepo ndi pomwe anaseka. Kuseka komwe kuja kwa wilibala pamiyala, koma tsopano kwabwera pambuyo pa mawu anga, ngati munthu amene wapeza chimene amafuna. Ndinagwira pakhosi. Mawu alipo. Sindinasase. Zaka zonsezi, anzanga, ndimaopa chinthu chosaluma.

Laku!

Mumayesa m'mimba mwa ng'ombe ndi mumdima? Ayi ndithu. Ndi khonde lomwe lija, Loweruka masana, anthu akuchokera kumsika. A Dzonzi abwezera phazi pachopondera, makina akuti tiki-tiki-tiki-tiki, chinthu chija chikuti kwii-ngwe-khoo, gogomole ali padenga ndi ko wake. Zonse zagwirana ngati nsalu yosokedwa bwino, msoko osaoneka. Ngakhale kamayi kaja akapatsa malo kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi matumba a mchere. Pakapita nthawi kakuti "Samala!" kamodzi, pamalo pake, ndipo ndivomere, pamenepo kakukoma ngati kang'oma.

Ndiye ndikuyankhula, ine amene ndinakana. Ndikuti, "A Dzonzi, nyumba ija tinakhoma malata. Ndazi wakula, ali ndi makina akenso, amasoka phokoso ngati inu munkasokera zigamba. Mtengo wa mapeyala uja unabereka chaka chomwe munapita, ndinakwiya nawo." Iwo akungoseka, poti ndi zomwe ali nazo, koma kwa ine zinakwana. Ndinawagwira thumba long'ambika lija, ndikuti, "Ili ndisoka ndine." Aimirira, tepi ili lendee m'khosi, andigwira dzanja. Ndikuti, "Msana wanu!" Kenaka ndikuti, "Basi, zisiyeni." Tinavina, mayi a Esinati. Ine amene paukwati wa mwana wanu ndinakhala pafupi ndi geti kulondera nsapato za anthu.

Mwadzidzidzi khonde lapendekeka, ng'ombe ikubzikula, tatuluka kuwala, tamezedwanso. Ikuti, "Kachitatu!" Tikatuluka tagwirana kwambiri, tikalowanso tagwirana koposa, moti sindikudziwanso kuti kuseka kwawo kukuthera pati, mawu anga akuyambira pati. Tsache likuvina ndi sizasi. Nkhanga yataya chidindo. Mayi wa nthochi watola nthochi yake, wasenda, akudya. Ndiye mpopi wa pamphuno pa chinthu chija wayamba kukweza mawu kuposa onse, khoo, khoo, ndikuti tsika pang'ono ukuononga nyimbo, iwo khoo, khoo, khoo, a Dzonzi akuchepa, dzanja lawo likupepuka, khoo, khoo...

Maso tong'o. Denga la malata, kwacha kale. Panja mpopi wathu weniweni ukutsokomola, ndowa ikulira pasimenti. Dzino lija kulibe, ndinafufuza ndi lilime.

Ndazi wasuzumira pakhomo, manja ali onyowa. "Agogo, mukuyankhula ndi ndani? Mwakhala mukuti wawa, wawa."

Ndikuti, "Katenge sampula yako. Uyatse getsi lake lofiira lojambulira mawu lija, ndiyankhulemo. Pa zii paja ndikhalapo ndine, kamayi kako ka 'Samala' ukaike kumbuyo."

Mwana wathamanga kukaitenga.

"Iwe! Upukute manja kaye! Madzi ndi magetsi!"

Panjapo mpopi unatsokomola komaliza, madzi n'kuyamba kugwera m'ndowa.